Zidina, njerwa zowotcha, mabuloko kapena SSB: timange ndi chiyani mu Blantyre?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'nyumba za Malawi Housing Corporation kapena za kampani iliyonse. Amakhala m'nyumba zomwe munthu anadzimangira yekha pang'onopang'ono, thumba la simenti mwezi uno, malata awiri mwezi wamawa, ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chirimba, Machinjiri ndi kwina. Kusowa kwa nyumba mu mzinda muno kukuchepa kapena kukula malinga ndi zomwe anthu oterewa akusankha akapeza poloti. Nyumba yogwa pakatha zaka zitatu imabwezera banja lonse pa lendi, ndipo ndalama zomwe inadya sizibwerera.

Kalozerayu ndi wa inu amene mwapeza malo kapena mukusaka, ndalama zanu n'zowerengeka, ndipo mmisiri aliyense amene mwamufunsa wakuuzani zosiyana ndi mnzake. Tiyerekeza zidina, njerwa zowotcha, mabuloko a simenti ndi SSB, zomwe ndi njerwa za dothi losakaniza simenti zopsinjidwa pa makina.

## Tiyezera chiyani

Choyamba ndi mtengo, koma osati mtengo wa njerwa imodzi. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Werengerani khoma lomalizidwa: njerwa kapena buloko, simenti ndi mchenga womangira, pulasitala, thiransipoti, zosweka panjira ndi malipiro a mmisiri. Sikweya mita imodzi ya khoma imadya mabuloko 12 ndi theka a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba, pomwe khoma la mainchesi 9 la njerwa zowotcha limadya njerwa zopitirira 100 pa malo omwewo. Mitengo ya pa msika sindiilemba muno chifukwa siikhalitsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chodalira simenti, chitsulo ndi dizilo chinakwera nazo. Funsani mitengo sabata yomwe mukugula.

Chachiwiri ndi kupezeka, kwa zipangizo komanso kwa amisiri odziwa kuzigwiritsa ntchito. Lole idzafika pa poloti panu, kapena katundu adzatsitsidwa kumsewu n'kusenzedwa pamutu ndi aganyu? Madzi omangira ali pafupi? Chachitatu ndi kasamalidwe, kutanthauza ntchito yomwe nyumbayo idzakupatsani chaka ndi chaka. Chachinayi ndi zoopsa, makamaka za madzi, mphepo, chiswe ndi chinyengo cha ogulitsa.

## Zomwe khoma lililonse silingakuchitireni

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena sanapezeke. Pomwe panadutsa matopewo sipanasankhe: ya zidina, ya njerwa zowotcha, ya mabuloko, zonse zinapita. Freddy asanabwere panali kusefukira kwa madzi kwa 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Akuluakulu amakumbukanso Napolo wa ku Phalombe mu 1991.

Choncho poloti ndiye chisankho chachikulu kuposa njerwa. Madzi saiwala khwawa. Ngati malo akukugulitsaniwo ali m'kanjira ka madzi ngakhale kouma, m'mphepete mwa Mudi, Naperi, Nasolo kapena Likhubula, kapena pansi pa miyala ikuluikulu ya m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Mpingwe, kutchipa kwake kuli ndi chifukwa. Pitani mukaone malowo mvula ikugwa, osati mu September. Funsani oyandikana nawo kumene madzi anafika mu 2023. Funsaninso ku khonsolo ya mzinda ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, chifukwa kalata ya mfumu ya m'dera payokha siteteza nyumba yomangidwa pamalo oletsedwa.

Pali zinthu zinayi zomwe ndikuziwerengera kuti zilipo pa njira iliyonse ya m'munsimu. Maziko a miyala, njerwa zowotcha bwino kapena konkiriti, omangidwa ndi simenti, okumbidwa mpaka pa nthaka yolimba ndipo okwera pamwamba pa nthaka ndi masentimita 30 kapena kuposerapo. Pepala la pulasitiki lotchinga chinyontho pakati pa maziko ndi khoma, lomwe amisiri amalitchula kuti DPC. Bimu ya konkiriti ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo. Ndiponso denga lomangirizidwa ku khoma ndi waya wokwiriridwa m'khomamo, osati losanjikidwa miyala pamwamba. Malangizo a boma a kamangidwe ka nyumba zolimba, omwe anayamba kulembedwa chitachitika chivomezi cha ku Karonga cha 2009, amatsindika zomwezi. Mmisiri wonena kuti bimu ndi ya anthu olemera musamupatse ntchito.

## Zidina ndi mdindo

Mtengo. Palibe chotchipa kuposa ichi. Dothi ndi la pa poloti pomwepo, chikombole ndi cha matabwa, oumba ndi inu nomwe kapena aganyu. Ndalama zanu zimapita ku maziko, bimu ndi malata basi.

Kupezeka. Kumadera ngati Chileka, Mpemba, Lunzu ndi Chigumula, komwe mapoloti akadali otakasuka, dothi silivuta. Mkati mwa Ndirande kapena Mbayani nkhani ndi ina: mukakumba pa poloti yaing'ono mumatsala ndi dzenje pafupi ndi maziko anu kapena a mnzanu, ndipo dzinja likafika limasanduka dziwe. Katondo wosakanikirana ndi mchenga amaumba bwino. Makande akuda a m'dambo amang'aluka akamauma. Amisiri odziwa mdindo, kusinja dothi lonyowa pang'ono pakati pa matabwa, akuchepa m'tauni. Nyengo youmba ndi kuyambira May mpaka October, ndipo chiperoni cha mu June ndi July chimachedwetsa kuuma.

Kasamalidwe. Apa ndi pomwe mumalipira zomwe munasunga. Chaka chilichonse mvula isanayambe muyenera kuzira ming'alu, kukonza khonde ndi kutsegula ngalande. Pulasitala wa simenti wokhuthala sagwirana bwino ndi dothi, amatukuka ngati chikhungwa n'kusunga madzi kuseri. Wa laimu ndi mchenga amakhalitsa bwinoko.

Zoopsa. Madzi. Khoma la zidina likanyowa m'munsi kwa masiku awiri kapena atatu limafewa n'kukhala pansi, nthawi zambiri usiku anthu ali mtulo. Denga lotulukira kunja kwambiri ndi khonde lozungulira nyumba yonse zimathandiza, ndipo m'midzi muli nyumba zotere zomwe zakhala zaka makumi angapo. Koma m'tauni madzi a pa denga la mnzanu amathira pa khoma lanu, ndipo simungamuletse. Chiswe nachonso chimayenda m'dothi mosaoneka mpaka kukafika ku mapaso. Ubwino umodzi womwe anthu amaunyozera: mu October nyumba ya dothi imazizira bwino kuposa ya mabuloko.

## Njerwa zowotcha

Izi ndiye zamanga Blantyre, ndipo mtima wa anthu ambiri uli pomwepa. Munthu akati "nyumba yabwino" amatanthauza ya njerwa zowotcha ndi malata.

Mtengo. Njerwa imodzi ndi yotchipa, khoma lake ayi. Njerwa za m'mauvuni a m'makwalala sizifanana kukula, zina zopindika, zina zazing'ono, ndiye mmisiri amadzaza mipata ndi simenti yambiri, pomaliza n'kupaka pulasitala wokhuthala kuti khoma liwongoke. Onjezani zosweka pokweza ndi potsitsa, ndiponso zosapsa za m'mbali mwa uvuni zomwe wogulitsa amaziwerengera pamodzi ndi zabwino. Mukaumba ndi kuwotcha nokha mtengo umatsika, koma nkhuni masiku ano zimachokera kutali ndipo n'zodula.

Kupezeka. Paliponse, ndipo mmisiri aliyense amazidziwa. Mungagule pang'onopang'ono, kuunjika pa poloti, mvula n'kuzivumba osawonongeka. Kwa munthu wolandira ndalama modukizaduka uwu ndi ubwino weniweni. Dziwani komabe kuti malamulo a 2018 a bungwe la NCIC, lomwe panthawiyo linkayang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ngati mukumanga sitolo, sukulu kapena malo ogona alendo, funsani kaye musanagule.

Kasamalidwe. Kochepa ngati njerwa zinapsa bwino ndipo zinamangidwa ndi simenti. Penti pakapita zaka, basi.

Zoopsa. Choopsa chachikulu si njerwa koma chomangira. Pofuna kusunga ndalama, anthu ambiri amamanga njerwa zowotcha ndi matope, khoma lopyapyala la njerwa imodzi, kenako n'kupaka simenti kunja kuti lioneke bwino. Nyumba yotere pamaso ndi ya njerwa, koma mphamvu zake ndi za matope omwe ali pakati. Mvula ya masiku angapo ikalowa, matope aja amasungunuka, njerwa zabwinobwino n'kungogumuka. Makoma ambiri omwe amagwa dzinja mu mzinda muno, kuphatikizapo mipanda yomwe imagwera ana, ndi amtunduwu. Ngati simenti siikukwana nyumba yonse, chepetsani zipinda, musachepetse simenti. Muyezo wodziwika ndi gawo limodzi la simenti ku magawo 6 a mchenga, ndipo m'mizere ina muziyikamo waya wolimbitsa khoma wotchedwa brickforce.

Poyesa njerwa, gundanitsani ziwiri. Yopsa imalira ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu. Ina iviikeni m'ndowa usiku wonse muone ngati ikunyenyeka.

Choopsa china sichigwera inu nokha. Uvuni uliwonse umadya mitengo ikuluikulu, ndipo aliyense wokhala mu Blantyre waona momwe Ndirande, Soche ndi Michiru zayerera. Makala ndi minda zili ndi mbali yake, koma njerwa nazo zilimo. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limawataya pa nyumba zomwe zinamangidwa ndi njerwa zomwezo.

## Mabuloko a simenti

Mtengo. Buloko imodzi imaoneka yodula mpaka mutawerengera khoma. Imatenga malo a njerwa zingapo, imadya simenti yochepa pomanga, khoma limakwera msanga ndipo masiku a mmisiri amachepa. Ikakhala yowongoka, pulasitala amakhala wopyapyala. Vuto ndi loti mtengo wake umayenda ndi wa simenti, ndipo simenti imayenda ndi ndalama zakunja. Ngakhale tili ndi Portland Cement mu Blantyre momwe muno, Shayona ku Kasungu ndi fakitale ya ku Njereza ku Mangochi, pamakhala nyengo zomwe simenti imasowa, mtengo n'kulumpha pa masabata ochepa.

Kupezeka. Oumba mabuloko achuluka m'mbali mwa misewu yopita ku Chileka, Lunzu, Zomba ndi Thyolo. Mungathenso kubwereka chikombole n'kuumba pa poloti, ngati madzi alipo okwanira. Mabuloko ndi olemera, ndiye poloti yopanda msewu imakweza mtengo wosenzetsa.

Kasamalidwe. Kochepa kwambiri. Chiswe sichidya, madzi sasungunula. Pamakhala timing'alu tating'ono ngati anamangira mabuloko osakhwima. Nyumba yake imatentha mu October ndipo imazizira mu July, choncho siling'i ndi mawindo oyang'anizana musaziike kumapeto kwa bajeti.

Zoopsa. Chinyengo. Palibe njira ina yomwe wogulitsa angakubereni mosavuta chonchi, chifukwa buloko ya simenti yochepa imaoneka chimodzimodzi ndi yabwino. Woumba akafuna phindu amachulukitsa mabuloko pa thumba limodzi, amagwiritsa mchenga wa matope, ndipo sawathirira. Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa: buloko imafuna kuthiriridwa sabata yathunthu ndipo imafika pa mphamvu zake pakatha masiku 28. Yomwe yaumbidwa Lolemba n'kugulitsidwa Lachinayi ndi mchenga wongogwirana. Kandani ngodya ndi msomali. Inyamuleni kufika m'chiuno n'kuisiya igwe pa nthaka yolimba. Ikamwazika, pitani kwina. Ngati mukugula zambiri, funsani ngati zinayesedwapo ku labotale, monga ya yunivesite ya MUBAS kapena ya Malawi Bureau of Standards, ndipo muone pepala lake.

Musaiwalenso kumene mchenga ukuchokera. Wokumbidwa m'magombe a mitsinje ya mu mzinda umagumula magombewo ndipo kawirikawiri umakhala ndi zinyalala. Oumba ena amasakaniza fumbi la kwale, lomwe limatulutsa buloko yolimba.

## SSB: dothi losakaniza simenti, lopsinjidwa pa makina

Anthu ambiri anaziona pa sukulu ndi zipatala zomangidwa ndi mabungwe, njerwa zofiirira zosalala zosapakidwa pulasitala. Ndi dothi losefedwa, losakanizidwa ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse, n'kupsinjidwa mwamphamvu pa makina a manja kapena a injini monga Hydraform. Siziwotchedwa. Zina zimakhala ndi mano olowana moti sizifuna simenti pa mzere uliwonse.

Mtengo. Ukhoza kutsika kuposa wa mabuloko, koma pa zifukwa ziwiri zokha: dothi labwino likhale pa poloti kapena pafupi, ndipo makina agawanidwe. Kugula makina chifukwa cha nyumba imodzi ya zipinda zitatu n'kutaya ndalama. Mukangoyamba kulipira lole yobweretsa dothi kuchokera kutali, phindu lija latha. Pomwe mumasunga zenizeni ndi pa pulasitala ndi penti wakunja, popeza khoma limakongola lokha.

Kupezeka. Apa ndiye pofooka pake. Simungangopita ku Limbe n'kukagula 200 zowonjezera monga mungachitire ndi mabuloko. Amisiri ozidziwa ndi ochepa, ndipo wosazidziwa amazimanga ngati njerwa wamba, n'kuwononga ubwino wake. Mzere woyamba ukapendekeka, khoma lonse lapendekeka, chifukwa palibe simenti yoti muwongolere.

Kasamalidwe. Kapakatikati. Mizere ya m'munsi, yomwe madzi a pa denga amathovukira, imafuna pulasitala kapena mankhwala otchinga madzi. Ngodya zimabenthuka mosavuta.

Zoopsa. Dothi lolakwika ndi kuchepetsa simenti. Dothi limafunika la mchenga wambiri ndi dongo lochepa. Poyesa, thirani dothi m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, lisiyeni tsiku lonse: mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Dongo likachuluka onjezani mchenga, apo ayi njerwa zidzang'aluka. Dothi lapamwamba la mizu ndi manyowa silifunika konse. Njerwazi zimafunanso kufunditsidwa pulasitiki ndi kuthiriridwa milungu ingapo. Ogulitsa makina amakonda kunena kuti nyumba imatha pa masabata awiri, osatchula mwezi woumba ndi kudikira. Ndipo khoma la mano olowana lopanda bimu ndi zitsulo m'ngodya silipirira kugwedezeka kwa nthaka. Tili m'mphepete mwa chigwa cha Rift Valley, zivomezi sizachilendo.

Kwa ine iyi ndiye njira yomwe ikanatithandiza kwambiri pa kusowa kwa nyumba tikanamamanga m'magulu. Ikulephera kufala chifukwa aliyense amamanga yekha.

Za nyumba zosindikizidwa ndi makina a 3D, zomwe kampani ya 14Trees inayesa ku Lilongwe ndi pa sukulu ina ku Salima, ndiponso za makontena, sinditayapo nthawi. Munthu wa poloti imodzi ku Machinjiri sangaziitanitse mawa, ndipo kontena pa dzuwa la October imafuna ndalama zina zambiri kuti munthu agonemo.

## Mawu ochepa pa denga

Pa malata, nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala: 28 ndi lolimba kuposa 32. Lopyapyala limang'ambika pa misomali mphepo ikawomba ndipo limachita dzimbiri msanga. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ngakhale limadya matabwa ambiri. Matabwa apakeni mankhwala a chiswe asanakwere. Ikani magatala ndi thanki kapena migolo: madzi omwe akanakumba maziko anu amakuthandizani tsiku lomwe mipopi ya Blantyre Water Board yauma.

## Ndani asankhe chiyani

Ngati ndalama zanu zimabwera pang'onopang'ono, za geni, za banki mkhonde kapena za chipereganyu, ndipo poloti ili mkati mwa tauni, sankhani mabuloko. Gulani kwa woumba mmodzi yemwe mwamuyesa, kapena umbani nokha thumba ndi thumba. Jambulitsani pulani ya nyumba yonse, koma mangani zipinda ziwiri zokha, zimalizidwe ndi bimu, denga ndi chimbudzi, mulowemo, ndalama ya lendi iyambe kugula simenti ya zipinda zotsatira. Chiwongoladzanja cha mabanki chadutsa 20 peresenti m'zaka zaposachedwa, ndiye ngongole yaikulu si bwenzi lanu. Nyumba za zipinda zisanu zomwe zaima pa mawindo zaka zambiri, udzu ukumera mkati, zilipo zokwanira kale mu Blantyre.

Ngati muli gulu, a mpingo umodzi, a SACCO, kapena achibale ogula malo moyandikana ku Chileka, Mpemba kapena Lunzu komwe kuli katondo, SSB ndi yanu. Yesetsani dothi, bwerekani kapena gulani makina amodzi, lipirani mmisiri wodziwa kuti aphunzitse anyamata anu pa nyumba yoyamba. Mabungwe monga Habitat for Humanity ndi CCODE akhala akugwira ntchito ya nyumba ndi magulu a anthu opeza zochepa, ndipo n'koyenera kuwafunsa nzeru musanayambe.

Ngati njerwa zowotcha munaunjika kale, musazitaye. Sankhani zopsa bwino zipite ku maziko ndi makoma akunja a mainchesi 9, omangidwa ndi simenti. Zotsalazo zigawe zipinda mkati. Ngati simunagule, werengerani khoma lonse kaye, mwina mupeza kuti mabuloko sakusiyana nazo kwenikweni.

Ngati ndalama ndi zochepetsetsa koma malo ndi okwera, ouma ndi otakasuka kunja kwa mzinda, zidina sizochititsa manyazi. Maziko ndi mizere ya m'munsi ikhale ya miyala kapena njerwa zowotcha ndi simenti, khonde lizungulire nyumba yonse, ndipo October aliyense muzikonza. Pa poloti yothinana kapena yotsika musayese.

Ngati mukumanga mdadada wa nyumba za lendi, pitani ku mabuloko oyesedwa. Alendi sazira makoma, ndipo khoma likagwera mwana wa munthu wina mlandu ndi wanu.

Pa makande a m'dambo, kumene nthaka imatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe, funso la njerwa libwere pambuyo. Lipirani injiniya aone nthaka ndi kulemba maziko, chifukwa kumeneko ngakhale mabuloko abwino amang'ambika kuyambira pansi mpaka ku denga. Ndipo ngati poloti yanu ili m'khwawa kapena pa mtsetse wa Soche pomwe panadutsa matope mu 2023, pitirizani kulipira lendi mukusaka malo ena, ngakhale akhale kutali ndi ntchito, ngakhale minibasi ikhale iwiri.